Zimene ndatolapo pa phunziro la tulo ta ana aang'ono

Pa mitu yonse ya kakulidwe ka mwana imene ndawerenga, wa tulo ndi umene uli ndi mikangano yambiri. Ena amati mwana mumusiye alire, ena amati musamusiye ngakhale mphindi imodzi. Koma mukalowa m'kati mumapeza kuti akukanganirana gawo lomaliza la ntchito. Gawo loyamba ndi la nthawi, ndipo ambiri amalidumpha. Mwana wa zaka 2 amene akungotsika pabedi kawirikawiri sakuchita mwano. Wagonekedwa thupi lake lisanafune tulo.

Mu 1982 wasayansi Alexander Borbély anafotokoza kuti tulo timayendetsedwa ndi zinthu ziwiri. Choyamba ndi njala ya tulo, imene imakula munthu akakhala maso nthawi yaitali, pamene mankhwala a m'thupi otchedwa adenosine akuunjikana mu ubongo. Mwana wogona masana mpaka 5 koloko ali ngati amene wadya nthawi ya chakudya chamadzulo itatsala pang'ono: mbale ikafika amangoiyang'ana. Chachiwiri ndi wotchi ya m'thupi, imene imatsatira kuwala. Kukada, ubongo umatulutsa melatonin, chizindikiro chakuti usiku wafika. Chimene chinandidabwitsa ndi zimene wasayansi wina, Peretz Lavie, anapeza mu 1986, zakuti kukatsala ola limodzi kapena awiri kuti nthawi yozolowera kugona ikwane, thupi limakhala tcheru kuposa nthawi zina zonse. Ndiye kugoneka mwana msanga kuti inu mupume kungakufikitseni pa nthawi yeniyeni imene iye sangathe kugona.

Malangizo a World Health Organization a 2019 amati mwana wa chaka 1 mpaka zaka 2 agone maola 11 mpaka 14 pa tsiku, ndipo wa zaka 3 mpaka 4 agone maola 10 mpaka 13, kuphatikizapo tulo ta masana. Mawu akuti kuphatikizapo ndi amene amaiwalika. Tiyerekeze mwana amene thupi lake limafuna maola 12. Masana wagona maola 2, otsala ndi 10. Ngati amadzuka 6 koloko m'mawa, tulo timugwira cha m'ma 8 koloko usiku. Mukamugoneka 6:30, mwadzipezera ndewu ya ola limodzi ndi theka.

Choncho yambani ndi pepala. Kwa masiku 7 lembani nthawi imene wadzuka, imene wagona ndi kudzuka masana, ndi imene wagonadi usiku, osati imene mwamuika pabedi. Mukaona kuti amagonadi 9 koloko, muzimugoneka 9 koloko yomweyo kwa masiku angapo, mpaka azigona pasanathe mphindi 20. Kenako muzibweza nthawiyo ndi mphindi 15 pa masiku awiri kapena atatu alionse kufikira pamene mukufuna. Zimaoneka ngati mwagonja, koma mwana akuphunzira kuti bedi ndi malo amene tulo timabwera msanga. Njirayi imalephera pamalo amodzi: m'mawa. Mukamulekerera kudzuka mochedwa chifukwa dzulo anachezera, wotchi yake imasunthira kutsogolo ndipo mwabwerera pomwe munayambira. Azidzuka nthawi imodzimodzi, ngakhale Lamlungu, ndipo aone kuwala kwa dzuwa m'mawa. Tulo ta masana tizitha pofika 3 koloko, kuti pakhale maola pafupifupi 5 asanagone usiku.

Ndondomeko ya madzulo siifuna luso. Zinthu zitatu kapena zinayi, motsatana chimodzimodzi tsiku lililonse, kwa mphindi 20 mpaka 30: kusamba, kutsuka mano, kuvala zogonera, kankhani kapena kanyimbo. Kafukufuku wa Jodi Mindell ndi anzake wa 2015, wa mabanja oposa 10,000 m'mayiko osiyanasiyana, anapeza kuti masiku otsatira ndondomeko akamachuluka pa mlungu, tulo ta mwana timakhalanso tabwinopo. Chilichonse chizisendeza mwana kufupi ndi bedi. Akatsuka mano n'kubwerera kumene anzake akusewera, mwaduladula ndondomekoyo. Foni ndi TV zithime ola limodzi asanagone, nyale zichepe. Madzi akumwa, kuchimbudzi kapena kusintha thewera, zonse zichitike asanakwere pabedi, kuti asadzakhale nazo zonamizira. Popeza msinkhu umenewu ndi wokonda kunena kuti ayi, mupatseni zosankha ziwiri pa zinthu zazing'ono, monga zovala izi kapena izo. Funso lakuti “Ukufuna kukagona?” musamufunse, chifukwa yankho mukulidziwa kale.

Nanga kudzuka pakati pa usiku? Munthu aliyense amadzidzimuka pang'ono kangapo usiku pamene tulo tikusintha magawo, kungoti sakumbukira. Mwana akadzidzimuka amafufuza zimene zinalipo pamene amagona. Ngati anagonera pa bere, pa botolo kapena dzanja la amayi lili pamsana, amalira kufuna zomwezo, 1 koloko, 3 koloko, mpaka kucha. Vuto la pakati pa usiku limakonzedwa madzulo: azigona mmene adzadzipezere akadzidzimuka. Izi sizikufuna chipinda chakechake. Mwana wogona chipinda chimodzi ndi makolo angathe kuphunzira kugona wosagwiridwa. Botolo la mkaka pabedi lili ndi vuto linanso, limaoletsa mano.

Pochotsa chizolowezi, njira imene ndikuiona kuti makolo ambiri angaipirire ndi ya mpando. Masiku atatu oyamba mukhale pambali pa bedi mpaka agone, osagona naye, osacheza naye. Masiku atatu otsatira mpando ukhale pakati pa chipinda, kenako pakhomo, kenako kunja chitseko chili chotsekula. Njira ina ndi yotuluka n'kumabwera kudzamuona pakatha mphindi 3, kenako 5, kenako 10, osakhalitsa kupitirira mphindi imodzi. Yachiwiriyi imafulumira koma kulira kumachuluka. Mwana wamantha kwambiri posiyana ndi kholo, zomwe zimakula cha pa miyezi 18, ya mpando imamuyenera.

Akatsika pabedi, apa m'pamene mtima wa kholo umayesedwa. Ulendo woyamba mugwireni dzanja, nenani kuti “Ndi nthawi yogona, mwanawanga,” mumubweze, mumufunditse. Wachiwiri nenani “Kagone” basi. Kuyambira wachitatu musalankhule, musamuyang'ane m'maso, nkhope ikhale yosakwiya komanso yosaseka. Iye adzaima pakhomo atakumbatira kansalu kake, maso ali pa inu, kudikira kuti mutani. Kukalipa n'kumene akufuna, chifukwa kwa mwana wa zaka 2 ngakhale kukalipiridwa ndi kucheza. Usiku woyamba mungamubweze kambirimbiri. Ndipo dziwiranitu kuti cha pa usiku wachiwiri kapena wachitatu zinthu zimatha kuipiraipira. Chimene chinkagwira ntchito chikasiya, mwana amachiyesa mwamphamvu asanachitaye. Makolo ambiri amasiyira pamenepa poganiza kuti njirayo yalephera, ndipo mwana amatolapo phunziro loipitsitsa, lakuti akalimbikira chitseko chimatsekuka. Kulola mwa apo ndi apo kumalimbitsa khalidwe kuposa kulola tsiku lililonse. N'chifukwa chake ndimati ngati mlungu uno muli ndi ulendo, alendo kapena mwana akudwala, musayambe. Ndipo onse ogoneka mwanayo agwirizane mawu amodzi, osati bambo akubweza, agogo akunyamula.

Kwa mwana wa zaka 3 kupita m'tsogolo pali kanjira kabwino kamene Patrick Friman ndi anzake anafalitsa mu 1999. Mwana amapatsidwa kakhadi kamodzi usiku uliwonse, kamene angagulire kutuluka kamodzi, kaya kukamwa madzi kapena kukumbatiridwa. Akakapereka, zatha. Ana ambiri amakasunga kuti mwina angakafune nthawi ina, mpaka tulo n'kuwapeza kali m'manja. Wa zaka 2 sangamvetse mgwirizano wotere. Pa chifukwa chomwecho, ngati mwana amagona m'kabedi kotchinga m'mbali ndipo sanayambe kukwera kuti atuluke, musathamangire kumusamutsa asanayandikire zaka 3. Akayamba kukwera, kapena akatalika kufika masentimita 89, musamutseni, chifukwa kugwa n'koopsa kuposa kutuluka.

Si zonse zimene zili za khalidwe. Mwana wokuwa maola oyambirira a usiku, maso ali otsekula koma osakuzindikirani, thukuta lili kamukamu, ali m'tulo tofa nato. Musamudzutse, mungoonetsetsa kuti asadzipweteke, ndipo m'mawa sadzakumbukira. Izi zimachuluka akamagona maola ochepa. Maloto oopsa amabwera cha kum'bandakucha, mwana amadzuka ndithu ndipo amafuna kutonthozedwa, choncho mutonthozeni. Kuliza nkonono masiku ambiri, kupuma ndi pakamwa ndi kubanika m'tulo kawirikawiri zimachokera ku tinyama takukhosi ndi kuseri kwa mphuno tikakula, ndipo n'zofunika dokotala. Chimodzimodzi kuyabwa kumatako usiku chifukwa cha tinjoka tam'mimba, kuyabwa kwa khungu, kupweteka kwa khutu, ndi miyendo yosakhazikika, imene nthawi zina imayenda ndi kuchepa kwa ayironi m'thupi. Mankhwala a chimfine ogonetsa musawagwiritse ntchito pogoneka mwana. Promethazine, amene ali m'gulu la mankhwala ogonetsawa, ndi woletsedwa kwa mwana wosakwana zaka 2 chifukwa angamulepheretse kupuma, ndipo melatonin wogula asaperekedwe popanda dokotala. Ngati mwakonza nthawi, mwatsatira njira imodzi kwa milungu iwiri osadumphadumpha koma palibe chasintha, tengani pepala lanu lija mupite nalo kuchipatala.