Chithunzi chatuluka ma driver ndisanaike n'komwe

Anzanga, yatheka. Kompyuta ndakhala ndikumanga ija yaonetsa BIOS (masamba a motherboard amene amatsegulika Windows isanadzuke) pa monita yanga yakale usiku wathawu, ndipo pano Windows ili kale mkati. Ndati ndilembe ndisanaiwale, chifukwa chimene chinandigwira mwendo masiku onsewa chingagwirenso aliyense amene akufuna kulumikiza graphics card (khadi yotulutsa chithunzi) yatsopanoko ku monita ya VGA, ndipo kuno kuchigwa mamonita oterewa ndiwo adzaza m'maofesi ndi m'nyumba.

Kwa amene simunaone zomwe ndinalemba poyamba: purosesa ndi Ryzen 5 3600, motherboard ya B450, RAM ya DDR4 ma 8GB awiri, SSD, power supply ya 500W, ndi graphics card ya GTX 1050 Ti ya 4GB yogwirapo kale ntchito. Khadi imeneyi ndinaisankha dala chifukwa imadya mawati 75 okha, yanga ilibe ndi polumikiza chingwe cha moto cha 6-pin pomwe. Kuno ku Nchalo, Okutobala akafika kutentha kumapitirira madigiri 40, ndiye chilichonse chotulutsa moto wambiri m'kesi ndimachiganizira kawiri.

Nditamanga zonse ndinadina batani. Mafani onse anazungulira, wa purosesa ndi wa khadi yemwe. Monita inangolemba kuti palibe siginolo, kenako kanyali kake n'kusanduka kachikasu. Basi.

Aliyense amene ndinamufotokozera ankandiuza chimodzimodzi: achimwene, ikani ma driver. Mawu amenewa anandipweteka mutu, chifukwa ndi olakwika, komanso amasocheretsa anthu ambiri ongoyamba kumene. Uika bwanji driver, pulogalamu imene Windows imayendetsera khadi, pa makina opanda Windows, pa sikirini yakuda? Khadi iliyonse imabwera ndi kapulogalamu kake kosungidwa mu chipu chake chomwe. Pa makina a UEFI, BIOS ya masiku ano, kameneka ndi kaja amati GOP, pa akale kanali VGA BIOS. Motherboard ikangodzuka imawerenga kameneko, ndipo nkamene kamajambula chizindikiro cha kampani ndi masamba a BIOS. Driver ya NVIDIA kapena AMD imadzagwira ntchito Windows itadzuka kale. Choncho ngati BIOS yeniyeniyo sukuiona, vuto lili kwina: mwina makinawo sanamalize POST, kudziyesa kumene amachita akangoyatsidwa, mwina amaliza koma chithunzi chikusowa njira yofikira pa monita.

Ndinayamba ndi zodziwika. RAM imodzi yokha pa kampata ka A2, kuchotsa batire ya CMOS yosunga makonzedwe a BIOS, kuzula khadi n'kuibwezeretsa mpaka kaloko ka PCIe kalire. Ku HDMI ya pa motherboard sindinataye nthawi, poti 3600 ilibe graphics mkati mwake, madoko akumbuyo aja amagwira ndi mapurosesa okhala ndi G monga 5600G. Chinandipatsa mtima ndi tinyali tinayi ta pa bodi toonetsa pamene POST yafika. Ka CPU kanayaka n'kuzima, ka DRAM chimodzimodzi, ka VGA chimodzimodzi, n'kutsala ka BOOT kokha, komwe kamayenera kuyaka ndithu poti SSD inali yopanda kanthu. Nditadina Num Lock pa kiyibodi, kanyali kake kankayaka n'kumazima momvera. Makina ofa satero. Kompyuta inali moyo, khadi inali itadziwika, koma maso analibe.

Apa mpamene pali nkhani yonse. Monita yanga ili ndi doko limodzi lokha, la VGA labuluu lija. Khadi ili ndi DVI, HDMI ndi DisplayPort. M'bokosi langa la zingwe munali adaputa ya DVI kupita ku VGA imene ndinagwiritsapo ntchito pa kompyuta ndinamangira alamu anga ku Ngabu, ija amasindikizira makalata ndi zithunzi za pasipoti. Kumeneko kunali GTX 750 Ti ndipo adaputayo inagwira tsiku lomwelo, mpaka lero makina aja sanandiitanitsepo kupatula kukapukuta fumbi. Koma pa 1050 Ti inakana kulowa. Nditapita ku Limbe ndinafotokozera wogulitsa wina, iye n'kunditulutsira ina yooneka chimodzimodzi, nati iyi ndiye ya makhadi atsopano. Inalowadi bwinobwino, zomangira zake n'kumanga. Ndiye ndinkaona ngati mbali ya chingwe yatha, n'kumakayikira RAM ndi power supply zosalakwa.

Tsiku lina ndinatembenuza kesi n'kuwalitsa tochi ya foni pa doko la DVI lija. Kumapeto kwake kuli kampata kopyapyala kopingasa. Pa DVI-I, pamwamba ndi pansi pa kampatako pamakhala timabowo tinayi, ndipo m'menemo ndimo mumadutsa zofiira, zobiriwira, zabuluu ndi sync za analogi zimene VGA imamva. Pa khadi yangayi panali pulasitiki yosalala, popanda bowo ndi limodzi lomwe. Ndi DVI-D, ya digito yokhayokha. Makhadi a GTX 10, amene anatuluka mu 2016, anasiya kutulutsa analogi. Adaputa yakale inkakana chifukwa timapini take tinayi tinalibe polowa, ndipo kukana kumeneko kunali kundiuza zoona. Yatsopanoyo anangoichotsa timapini timeneto kuti izilowa. Nditaitsegula ndi mpeni, mkati munalibe chipu chilichonse, mawaya okhaokha. Zili ngati kulumikiza paipi ku mpopi wouma: ulumikize mwaluso bwanji, madzi sabwera. Zimandiwawa kuti tinthu totere tikugulitsidwa, chifukwa mwana wasukulu amene wasonkha ndalama miyezi yambiri angathe kutaya khadi yabwinobwino poganiza kuti yapsa.

Pofuna kutsimikiza ndinanyamula kesi yonse kupita nayo kwa aneba amene ali ndi TV ya HDMI. Titangoyatsa, chizindikiro cha bodi chinadzaza sikirini yonse, ine n'kudina Delete, BIOS iyo, ikuwerenga RAM yonse 16GB. Bambo a m'nyumbamo anafunsa ngati mpira uzionekanso pamenepo, ndinawauza kuti tsiku lina tidzayesa.

Chofunika chinali konveta yeniyeni, ya HDMI kupita ku VGA, yokhala ndi chipu chosandutsa digito kukhala analogi. Ndinaitanitsa kwa mkulu wina wa ku Limbe komweko amene ndimamudalira pa zinthu zakale. Kashopu kake nkakang'ono, koma ali ndi tebulo loyeserapo ndipo salola kuti chinthu chituluke asanachiyatse pamaso pako kapena kukutumizira kanema wake pa WhatsApp. Khadi yangayi ndinagulanso kwa iye, ndipo anali ataisintha kale thermal paste. Anapatsira kondakitala wa minibasi, inatsika nayo Thabwa n'kundipeza pa siteji madzulo. Mukamagula yanu onetsetsani ziwiri. Choyamba, imayenda mbali imodzi, ya VGA kupita ku HDMI ndi chinthu china ndipo singakuthandizeni. Chachiwiri, tengani yokhala ndi kadoko ka USB kolowetsera moto, chifukwa 5V ya pa HDMI nthawi zina imachepa ndipo chithunzi chimaphethira. Yanga ndaipatsa moto kuchokera ku USB ya kumbuyo kwa kesi.

Windows ndaika kuchokera pa fulashi, zonse zikuoneka, ndipo mu Device Manager khadi ikulembedwa kuti Microsoft Basic Display Adapter. Zilembo n'zazikulu, zithunzi zatambasuka m'mbali pang'ono, kanema akuyenda modukiza, koma ntchito yoika zinthu ikutheka. Driver yeniyeni ndi ya ma MB mazanamazana, ndiye ndikudikira bandulo ya usiku. Kwa inu amene muli ndi makhadi akale kwambiri opanda GOP, nkhani yanu ndi ina: pamafunika CSM, yolola makhadi akale kugwira ntchito, ikhale yoyatsa mu BIOS, apo ayi mudzaona mdima womwewu ngakhale chingwe chili cholondola.

Chatsala ndi kutentha. Masana purosesa ikungokhala osagwira ntchito ili kale pamwamba kuposa mmene ndikufunira, ndipo mphepo yolowa m'kesi ndi yotentha kale. Ndikuganiza zoonjezera mafani awiri kutsogolo ndi kansalu kosefa fumbi, mwinanso kugula cooler ya nsanja yoziziritsa purosesa. UPS, batire yosunga moto magetsi akazima, nayo ikufunika magetsi asanandizimire pakati pa update. Koma chimene chili m'mutu mwanga kwenikweni ndi kuiyendetsa yonse pa sola, mapanelo padenga ndi batire ya lithium, kuti ndizikonza makanema a maukwati kuyambira ku Chikwawa mpaka ku Nsanje magetsi kaya alipo kaya palibe. Ngati wina wayesapo inveta ya pure sine pa power supply ya 500W kuno kotentha, andiuze kukula kwake ndi mmene ikupiririra masana.