Penti wa m'chipinda chodyera timamusankha dzuwa litalowa

Bizinesi yathu ndi yaing'ono. Tilipo anayi: ine, mkazi wanga, ndi anyamata awiri amene tinawaphunzitsa tokha ntchito. Timapenta nyumba mkati ndi kunja, koma ambiri amene amatiitana masiku ano amafuna kuti tiyambe tawathandiza kusankha mtundu asanagule ngakhale chitini chimodzi. Mbali imeneyi ya ntchito sitinachite kuikhalira pansi n'kuikonza. Inabadwira m'chipinda chodyera cha mayi ena amene tinawalakwira.

Kupenta ndinaphunzira kwa amalume. Ndinayamba ndi kutsuka maburashi, kumata ming'alu ndi kukwecha makoma ndi sandipepa, ndipo panapita miyezi asanandilole kugwira rola. Kwa iwo mmisiri ankadziwika ndi khoma losalala komanso mzere wowongoka pamene khoma lakumana ndi siling'i. Za mtundu ankati n'za mwininyumba. "Akaloza pakhadi, iwe kagule womwewo," ankatero. Nditayamba kuima pandekha ndinapitiriza momwemo, ndipo kwa zaka zingapo palibe anadandaula, chifukwa nyumba zambiri zinkangofuna woyera kapena kirimu.

Mayi ndikunenawa anatipatsa nyumba yonse. M'zipinda zina anafuna kirimu, koma chodyera anati chikhale chosiyana. Tinaima pakhonde dzuwa likuswa mtengo, ine nditatambasula makhadi a mitundu, iwo n'kuloza wobiriwira wofewa, wonga tsamba lanthete. Pakhadipo unali wokongola zedi. Tinapaka makoti awiri, tinatsuka pansi, anatilipira, tinatsanzikana bwinobwino.

Patapita masiku atatu anandiimbira. "Bambo, tabwerani mudzaone nokha. Koma mubwere madzulo, osati masana."

Ndinapita ndi mkazi wanga. Anatilowetsa m'chipindamo, anayatsa getsi, n'kutiuza kuti tikhale patebulo. Ndinayang'ana akazi anga amene anakhala moyang'anizana nane, ndipo nkhope yawo inkaoneka yotuwa ngati ya munthu amene wangodzuka kumene pamphasa ya matenda. Mbale yoyera inali itasanduka yobiriwirako. Tsamba lanthete lija silinalipo; makomawo anali ozizira ngati a m'chipatala. "Ntchito yanu ilibe banga," anatero mayiwo, "koma ana akukana kudyera muno. Tikudyera pabalaza, mbale pamiyendo."

Pobwerera ndinayamba kunena kuti mtunduwo analoza okha. Mkazi wanga anandidula. "Abambo, iwo analoza, inde. Koma wodziwa penti ndani pakati pa inu ndi iwo? Khadi lija munalionera panja masana. Iwo amadya nthawi yanji?" Ndinasowa choyankha. Sabata yotsatira tinakapentanso chipindacho ndi ndalama zathu, ndipo phindu la ntchito yonse ija linathera pomwepo.

Chinandivutitsa maganizo kwambiri chinali chakuti penti tinagula anali yemweyo wapakhadi, nambala yake yomweyo. Ndinayamba kuwerenga ndi kuyesa pamakoma a nyumba yathu, ndipo pang'onopang'ono zinayamba kumveka. Kachidutswa kapakhadi n'kakang'ono ngati bokosi la machesi, ndipo kazunguliridwa ndi pepala loyera. Mtundu womwewo ukafalikira pakhoma lonse umaoneka wamphamvu kuposa pakhadi. Ukakhala pamakoma anayi, kuwala kumagunda khoma ili n'kubwerera pa linzake, kukutenga mtunduwo ulendo uliwonse, mpaka kukafika pankhope za anthu, pansalu ya patebulo ndi pachakudya. M'chipinda chogona zimenezi sizivuta kwambiri. M'chodyera, zomwe munthu amayang'ana nthawi yonse ndi nkhope ya mnzake ndi mbale yake.

Kenako pali babu. Pamabokosi a mababu ambiri pamalembedwa nambala yothera ndi chilembo K. Wa 2700K kapena 3000K amawala mofunda, mopita kuchikasu. Wa 4000K ali pakatikati. Wa 6500K amawala moyera mopita kubuluu. M'nyumba ya mayi aja munali wa 6500K, ndipo anameza kufunda konse kumene kunali mu wobiriwira uja n'kusiya kuzizira kokha. Palinso nambala ina imene anthu ambiri saiyang'ana, ya CRI, yosonyeza mmene babu amaonetsera mitundu mokhulupirika, ndipo yapamwamba kwambiri ndi 100. Pamwamba pa tebulo lodyera ife timalimbikitsa wa 90 kapena kuposerapo, chifukwa babu wa nambala yotsika amafooketsa zofiira, ndipo nyama yophikidwa bwino imaoneka ngati yagona.

Ndinalimbanso mtima nditadziwa kuti vutoli linasautsapo akatswiri kalekale. Michel Eugène Chevreul, katswiri wa sayansi amene ankayang'anira zonyika ulusi pafakitale ya nsalu ya Gobelins ku Paris, ankalandira madandaulo akuti ulusi wakuda sukuda bwino. Atafufuza anapeza kuti utoto unalibe vuto: maso ndiwo ankauona mosiyana chifukwa cha mitundu imene inalukidwa pambali pake. Zimene anapeza anazisindikiza mu 1839. Mpaka lero, kasitomala akandiuza kuti pentiyo si amene anasankha, ndimayamba ndayang'ana zimene zayandikana ndi khomalo: matailosi apansi, makatani, mtengo wa tebulo.

Apa ndi pamene kagwiridwe kathu ka ntchito kanasinthira. Tinadula timathabwa topyapyala ta masentimita 50 mbali zonse. Kasitomala akatchula mitundu imene ikumusangalatsa, timagula tizitini tating'ono toyesera, n'kupaka thabwa lililonse makoti awiri, chifukwa koti imodzi imanama ndipo penti wosauma amanamanso. Sitipitirira mathabwa anayi. Akachuluka maso amatopa ndipo munthu amangosokonezeka. Pakhoma penipeni sitiyeserapo. Mtundu wakale umasokoneza watsopano, komanso m'mphepete mwa chigamba choyesera nthawi zina mumadzaonekera pansi pa penti womaliza.

Mathabwawo timapita nawo nthawi imene banjalo limadya. Ndimapempha kuti ayale tebulo monga amachitira masiku onse, ayatse magetsi amene amayatsa, ndipo tonse tikhale pansi. Kukhala pansiku n'kofunika. Tebulo limatalika pafupifupi masentimita 75, ndipo munthu wokhala pampando amaona khoma kuseri kwa mutu wa mnzake, osati mmene amalionera mmisiri ataimirira pakhomo. Mnyamata mmodzi amagwira thabwa kumbuyo kwa mwininyumba, ine n'kufunsa ena onse kuti, "Tawayang'anani mayi. Akuoneka bwanji?" Kenako timasintha thabwa. Nthawi zambiri yankho limabwera ndisanamalize kufunsa. Tikatero timawasiyira mathabwawo masiku awiri kuti aziwasuntha khoma ndi khoma, m'mawa, masana ndi usiku, chifukwa chipinda cha windo loyang'ana kum'mawa chimawala m'mamawa n'kuzilala madzulo, pamene choyang'ana kumadzulo chimalandira dzuwa lofiirira nthawi imene anthu akuyandikira kutebulo.

Anthu amandifunsa kuti mtundu wabwino wa chipinda chodyera ndi uti. Maganizo anga ndili nawo ndipo sindibisa. Mitundu yofunda ndi imene yandikhumudwitsa kochepa: wofiirira ngati njerwa yowotcha, kirimu wopita kuchikasu, chikasu chozimiririka, bulauni wofewa. Imabwezera pakhungu kuwala kopatsa moyo. Woyera mbee pansi pa babu woyera amachititsa chipinda kukhala ngati ofesi, ndipo anthu akadya amanyamuka msanga. Wotuwa ngati phulusa ndi amene ndimasamala naye kwambiri, chifukwa pafupifupi aliyense amabisa mtundu wina mkati, buluu, wobiriwira kapena pepo, umene umadzatulukira usiku. Ndikafuna kuugwira ndimaika thabwalo pambali pa pepala loyera.

Mitundu yakuda bii anthu amaiopa, makamaka chipinda chikakhala chaching'ono, koma ine ndimaikonda m'chipinda chimene chimagwira ntchito usiku. Wobiriwira wakuya kapena buluu wakuya, ndi nyale yofunda yolendewera masentimita 75 mpaka 90 pamwamba pa tebulo, amachititsa makoma kukhala ngati abwerera m'mbuyo, kuwala konse n'kusonkhana patebulo ndi pankhope. Koma ngati tebulo lomwelo ndi limene ana amalemberapo ntchito ya kusukulu masana, ndimabweza maganizo amenewa. Makampani ambiri a penti amalemba nambala ya LRV, kuyambira 0 mpaka 100, yosonyeza kuchuluka kwa kuwala kumene mtunduwo umabweza. Chipinda cha windo limodzi laling'ono chogwiritsidwa ntchito tsiku lonse ndimachifunira nambala yopitirira 50.

Wofiira weniweni ndimachenjeza za mtengo wake tisanayambe. Sabisa khoma msanga. Amafuna andakoti (penti woyamba kupaka) wotuwa pansi, ndipo ngakhale zili choncho makoti atatu si achilendo.

Kunyezimira kwa penti nako kumasintha mtundu. Wosanyezimira amabisa mabampu a pulasitala ndipo amaoneka wofatsa, koma m'chipinda chodyera mumadontha msuzi, mumagunda zala zamafuta, ndipo misana ya mipando imakhula khoma pamzere umodzi chaka chonse. Wonyezimira kwambiri amapukutika, koma amathwanima ndi babu n'kuonetsa chilema chilichonse cha khoma. Ife timasankha wapakati, wonyezimira pang'ono ngati chigoba cha dzira, ndipo timauza eni ake kuti asatsuke khomalo mpaka patapita milungu iwiri kapena inayi, chifukwa penti wamadzi amauma m'maola ochepa koma amachedwa kukhwima.

Za kuchuluka kwake n'zosavuta. Lita imodzi imakwana masikweya mita 10 mpaka 12 pakoti imodzi. Chipinda cha mamita 4 m'litali, 3 m'lifupi ndi 2.7 kupita m'mwamba chili ndi makoma a masikweya mita pafupifupi 34 mukachotsa chitseko ndi windo, choncho makoti awiri amafuna malita 6 kapena 7. Zitini zikakhala zingapo timazithira m'ndowa imodzi n'kutakasa tisanayambe, chifukwa zitini ziwiri za nambala imodzi zimatha kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumakaonekera pakati pa khoma. Pulasitala watsopano wasimenti timamudikira milungu inayi. M'nyumba zakale sitikwecha penti wouma mwachisawawa, popeza penti wina wakale anali ndi mtovu, ndipo fumbi lake ndi loopsa makamaka kwa ana. M'chipinda chimene anthu amadyeramo sindilola kuti tichite mphwayi pa zimenezi.

Njira ya mathabwayi inatitayitsa makasitomala ena. Alipo amene amafuna kuti tiyambe mawa, ndipo akamva za masiku awiri oyesera amaitana wina. Alipo amene poyamba ankatenga malangizo athu kwaulere, kulemba nambala ya mtundu, ntchito n'kukapatsa munthu wina. Zinkandipweteka. Mkazi wanga ndiye anaganiza kuti kuyesa mitundu kukhale ntchito payokha yolipiridwa, ndipo ndalamayo tiziichotsera pamtengo wonse ngati kupentako atipatsa ifeyo. Ndinkaopa kuti anthu akana. Ena anakanadi, koma amene anavomera ndi amene akhala akutitumizira abale awo ndi anzawo. Kangapo konse tafika panyumba, kuona kuti vuto ndi babu basi, n'kuwauza kuti asinthe babuyo asanawononge ndalama pa penti. Tsiku limenelo timabwerera opanda kontirakiti, ndipo anyamata athu poyamba sankamvetsa. Ambiri mwa anthu amenewo anadzatiitana pa ntchito zikuluzikulu.

Mayi akunyumba amasunga kope lalikulu. Patsamba lililonse amapaka kadontho ka penti amene tagwiritsa ntchito, n'kulemba nambala yake, babu wa m'chipindamo, kumene windo layang'ana ndi mtundu wa pansi. Kasitomala akaimba patapita zaka kuti mpando wakanda khoma, timangotsegula kopelo. Ndi mmenenso anyamata akuphunzirira. Wamkuluyo tsopano amatha kulowa m'chipinda, kuyang'ana matailosi, n'kunena kuti kirimu wopita kupinki sagwirizana nawo, ine ndisanatsegule pakamwa.

Wobiriwira wa mayi aja ndinamupaka pathabwa limodzi n'kulisunga, ngakhale kwa nthawi yaitali sindinkalitulutsa. Mwezi wathawu banja lina linatiitana. Chipinda chawo chili ndi windo lalikulu loyang'ana kumadzulo, tebulo la mtengo woderako, ndi nyale ya 2700K yolendewera pakati. Bambo ankafuna buluu, mayi ankafuna kirimu, ndipo anali atakangana za nkhaniyi kwa milungu. Mkazi wanga ndiye analowetsa thabwa lija m'galimoto, kukhala lachitatu. Mnyamata ataligwira kumbuyo kwa mayiwo, kuwala kwa nyale kunalifewetsa, mtengo wa tebulo unalipatsa kufunda, ndipo ndinaonanso tsamba lanthete limene ndinaliona pakhadi tsiku lija pakhonde. Bambowo anayang'ana akazi awo kwa kanthawi, kenako anatembenukira kwa mnyamatayo.

"Achimwene, musalichotse kaye limenelo."

Tinawasiyira mathabwa onse atatu masiku awiri monga mwa nthawi zonse. Tsiku lachitatu m'mawa anaimba kuti tikagule malita 7 a wobiriwirayo.