Mawu amodzi, mayeso awiri

Mnzanga wa ku America atandiuza kuti akuwerengera mayeso a "principal", ndinamuyamikira kuti posachedwa akhala hedimasitala. Kalanga ine, ndinaphonya!

Ankanena Series 24, mayeso a FINRA, bungwe loona za malonda a masheya ku America, olembedwa ndi anthu oyang'anira ogulitsa masheya, omwe nawonso amatchedwa "principal". Mafunso 150, maola 3 ndi mphindi 45, ndipo umakhoza ukapeza 70 peresenti. Sungadzilembetse wekha ayi, imakulembetsa ndi kampani yomwe ukuigwirira ntchito, ndipo pamafunikanso mayeso oyambira otchedwa SIE ndi mayeso ena monga Series 7, a ogulitsa masheya. Ine mutu unachita kuzungulira pongomva.

Wofuna kutsogolera sukulu yaboma ku America njira yake ndi ina. Chiphaso chimachokera ku steti, ndipo masteti ambiri amafuna digiri ya masitazi komanso zaka zingapo utagwirako choko m'kalasi.

Mnzangayo mpaka lero akaimba foni amayamba ndi "Moni, a hedi akulankhula."