Mitu ya Mkuwa ya ku Ife ndi Manja Amene Anaiumba

Kwa miyezi ingapo ndakhala ndikuwerenga mbiri ya zojambula ndi zosema za makedzana, kuyambira m'mapanga a Ajanta ku India mpaka ku mawindo a tchalitchi cha Chartres ku France, koma maso anga akanirira pa chithunzi chimodzi cha mutu wa mkuwa wochokera mumzinda wa Ife, kwa Ayoruba ku Nigeria.

Mitu yoposa khumi yotereyi inapezeka mu 1938 pamene anthu ankakumba maziko a nyumba pamalo otchedwa Wunmonije, pafupi ndi nyumba ya Ooni, yemwe ndi mfumu ya Ife, ndipo akatswiri amati inapangidwa cha m'zaka za m'ma 1300 kapena 1400. Nkhope zake ndi zodekha ngati za munthu amene akumvetsera mlandu, ndipo ina ili ndi mizere yopyapyala yonga mphini yotsika kuchokera pamphumi mpaka kuchibwano. Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi kapangidwe kake. Mmisiri ankayamba waumba mutu wadongo, n'kuumata phula limene ankalisema mpaka chikope, mlomo ndi khutu zioneke monga akufunira, kenako n'kuphimba zonsezo ndi dongo lina. Akaziika pamoto, phula lija linkasungunuka n'kutuluka, ndipo m'mpata wotsalawo ankathiramo mkuwa wosungunula. Kuti mutuwo uoneke, chikombole chinkayenera kuswedwa, kutanthauza kuti akalakwitsa pang'ono ntchito yonse inkayambira pachiyambi, ndipo palibe mitu iwiri yotuluka m'chikombole chimodzi.

Zimandipweteka kuti Leo Frobenius, Mjeremani amene anafika ku Ife mu 1910 n'kuona mutu wina wamtunduwu, anakana kuvomereza kuti makolo a anthu amene anawapeza kumeneko ndiwo anaupanga, ndipo anati ndi ntchito ya anthu a Atlantis, dziko la m'nthano za Agiriki. Zomwezi zinachitikiranso malinga a miyala a Great Zimbabwe, amene ena ankati anamangidwa ndi Afoinike, anthu akale a kugombe la nyanja ya Mediterranean, mpaka akatswiri ofukula zakale David Randall-MacIver mu 1905 ndi Gertrude Caton-Thompson mu 1929 atakumba pamalopo n'kutsimikiza kuti omanga ake anali Aafirika. Pa ichi ndaphunzira kuwerenga mabuku a mbiriyi mosamala, ndikumadzifunsa kuti wolembayo anali ndani ndipo ankayembekezera kupeza chiyani asanaone n'komwe chinthucho.

Kuwerengaku kwandikumbutsanso za Chongoni ku Dedza, kumene kuli malo 127 a zojambula za pamiyala omwe bungwe la UNESCO linawavomereza mu 2006 kukhala chuma cha dziko lonse lapansi. Zofiira amati ndi za Akafula, pamene zoyera n'za Achewa ndipo zikukhudza chinamwali ndi Nyau. Ndadutsa pa Dedza kambirimbiri osatsika galimoto, koma mvula ikangosiya chaka chino ndikufuna ndikwere phirilo ndikaone ndekha mmene dothi loyera lija linamatidwira pathanthwe ndi zala.