Zikomo kwa amene munandithandiza pa Park Station

Ndakhala ku Johannesburg zaka zitatu tsopano, koma sindiiwala usiku umene ndinatsika basi pa Park Station ndilibe foni, ndilibenso nambala ya mlongo wanga amene amayenera kudzanditenga. Foniyo inasowa pa Beitbridge, pomwe tinaima pamzere maola ambiri kudikira kudinditsa mapasipoti. Kuchokera ku Blantyre, kudutsa Mwanza, Zobue, mlatho wa Zambezi ku Tete, Nyamapanda mpaka Harare, ndinali wolimba mtima. Pa Park Station m'pamene misozi inagwa.

Amayi inu a ku Zimbabwe amene mumagulitsa tiyi pafupi ndi pokwerera mataxi, zikomo kwambiri. Munandimva ndikudandaula ndekha m'Chichewa, n'kundiyankha m'Chichewa momwemo, kuti agogo anu anachoka ku Dedza kalekale kukagwira ntchito m'migodi. Munandipatsa tiyi wotentha, ndalama yanga munaikana, ndipo munandifunditsa bulangete lanu lomwe. Anthu akwathu sadziwa kuti mwezi wa June ku Joni kumazizira mpaka zala kuuma.

Inunso achimwene oyendetsa taxi, munandibwereka foni yanu kuti ndilowe pa Facebook ndipeze mlongo wanga, m'mawa mwake n'kukandisiya pakhomo pake ku Rosettenville osandilipiritsa ngakhale randi imodzi. Dzina lanu sindinafunse, mutu unali utasokonekera.

Lero ndikusoka zovala ndipo ndikudzidalira. Ndikamadutsa pa Park Station ndimayang'ana nkhope zanu. Mayi anga ku Thyolo amakutchulani nonse awiri m'mapemphero awo a madzulo.