Buku 9 latheka, Polyphemus wamveka

Buku 9 la Odyssey, ndakatulo yakale ya Chigiriki ya Homer, ndalikamba lonse popanda pepala, kuyambira ku mzinda wa Ismarus mpaka pomwe Polyphemus, chimphona cha diso limodzi, akuponya chimwala m'nyanja. Paja mukudziwa kuti sindiloweza mizere ya Chigiriki ayi. Ndimasunga mafupa a nkhani, mawu nkumawapeza pokamba pomwepo, monga ankachitira oimba aja amene akatswiri Milman Parry ndi Albert Lord anawajambula ku Yugoslavia m'zaka za m'ma 1930.

Chimene chandidyera masiku ndi funso loti akukamba ndani. M'mabuku 9 mpaka 12 Homer wakhala pambali. Pakamwa ndi pa Odysseus, ali paphwando kwa mfumu Alcinous, pamaso pa anthu amene akuyembekezera kuti amupatsa mphatso ndi ngalawa yomufikitsa kwawo ku Ithaca. Mkulu yemweyu akakafika kwawo akanamiza mulungu wamkazi Athena, akanamiza Eumaeus woweta nkhumba, mpaka mkazi wake Penelope amene, kuti iye kwawo ndi ku Crete. Wowerenga buku amatha kubwerera m'mbuyo nkukumbuka kuti awa ndi mawu a munthu wodziwa kuzinga nkhani. Koma ukaima pamaso pa anthu nkunena kuti "ndinaona chimphona", amakukhulupirira iweyo, poti panthano wokamba satsutsidwa, omvera awo ndi "tili tonse" basi. Ndiye Polyphemus ankangotuluka chilombo, anzanga nkumaombera m'manja chikuni chamoto chikulowa m'diso.

Chilombo ndi chilombodi, wadya anthu 6, awiriawiri. Sindikufuna kumuyeretsa. Koma tamvani zimene Odysseus akuulula yekha. Ku Ismarus iye ndi anthu ake apha amuna, agawana akazi ndi chuma, ndipo akuzitchula mongodutsa ngati sikanthu. Akulowa m'phanga mwiniwake ali kubusa. Akupezamo tchizi chili mbwee, ziwiya zomwe amakamiramo mkaka, ana a nkhosa ndi a mbuzi atawapatula m'makola malinga ndi msinkhu, oyamba kubadwa paokha, apakati paokha, akhanda paokha. Mbusa wosamala ameneyu. Anzake akumuchonderera kuti atenge tchizi ndi ziweto athawe, iye akukana, akufuna mwini phanga amupatse mphatso yamlendo. Akusonkha moto, akudya tchizi cha eni, nkukhala pansi kudikira.

Kudula nkhani kuti ndifotokoze zonsezi kumapha chikoka, anthu amayamba kugwira mafoni. Chimene chathandiza ndi kuyambira kumapeto kwa Buku 8. Demodocus, woimba wosaona uja, akuimba za hatchi yamtengo yomwe Agiriki anagwetsera mzinda wa Troy, Odysseus akulira, ndipo Homer akumufanizira ndi mkazi amene wadzigwetsa pa mwamuna wake wolasidwa pankhondo, adani akumugogoda ndi mikondo pamsana ndi pamapewa kuti apite kuukapolo. Zomwezo zinachitikira akazi a ku Troy chifukwa cha nzeru za Odysseus. Gawo limeneli ndimakamba nditaima. Ndikafika poti Odysseus akutchula dzina lake, ndimakhala pampando, kapu m'manja, ndipo apo ndi apo ndimatembenukira kumanzere ngati ndikuyang'ana mfumu kuti ndione ngati bodza likulowa. Kapu yokhayo imawakumbutsa anthu kuti tikadali paphwando.

Kenako pali nkhosa yamphongo ija. Apa ndimachepetsa liwiro kwambiri. Polyphemus wakhala pakhomo pa phanga, sakuona, akupapasa misana ya ziweto zikutuluka, ine dzanja likupapasa patebulo. Yamphongo yaikulu ikutuluka pomaliza, yalemedwa ndi Odysseus amene wakakamira ubweya kumimba kwake. Chimphona chikuifunsa mofatsa chifukwa chimene yatsalira lero, pomwe masiku onse imatsogola kumsipu, kumtsinje ndi pobwerera kukhola, nkufunsanso ngati ikulira diso la mbuye wake. Patsogolo pake Odysseus akuipha nkhosa yomweyo m'mbali mwa nyanja, nsembe ya mulungu Zeus, ndipo Zeus sakuilabadira. Mnzanga wina anangoti, "Achimwene, nanga nkhosayo yalakwa chiyani?" Apo ndinadziwa kuti zatheka.

Chaka chatha ndi Buku 24 la Iliad vuto limeneli kunalibe, chifukwa Priam, mfumu ya Troy, akamapsompsona manja a Achilles amene anamuphera ana, Homer mwini amakupatsa mbali zonse ziwiri. Buku lomwe ndinagwiritsa ntchito pamenepo ndinalitola kwa ogulitsa mabuku akale m'mbali mwa msewu ku Limbe, ndipo ndimawakondabe anthu amenewa ngakhale masamba ena amapezeka atadyedwa ndi chiswe. Pomwe pathothoka ndimakaona pa Perseus, laibulale ya pa intaneti ya yunivesite ya Tufts, yaulere, bola bandulo ikhalepo.

Kutsogoloku ndikufuna mabuku onse anayi a paphwando ndiwakambe usiku umodzi. Buku 22 likundidikiranso, pomwe Telemachus, mwana wa Odysseus, akupachika akazi 12 aukapolo pachingwe chimodzi, iwo osapatsidwa ngakhale liwu loti adziyankhire, ndipo kumeneko kapu ndi mpando sizindithandiza. Oimba a Parry aja ankadziimbira gusle ya chingwe chimodzi, ndiye ndayamba kufunsafunsa amene angandisemere kaligo, kuimba kwake ndiphunzirira m'njira.