Lendi yatha, mashelefu atsala pakhoma: alipire ndani?

Pa malamulo a nyumba zamalonda ku England ndi Wales pali funso looneka losavuta. Wochita lendi watuluka m'shopu, wasiya kauntala, mashelefu okhomera kukhoma ndi fani yotulutsa utsi. Mwininyumba waitana amisiri, achotsa, walipira. Kodi ndalamayo angaitenge kwa wotulukayo?

Wochita lendi ali ndi ufulu wochotsa zimene anakhomera pa ntchito ya bizinesi yake, koma lamulo palokha silimukakamiza. Akazisiya zimasanduka mbali ya nyumba, ndipo mwininyumba sangamulipiritse chifukwa chongoti sakuzifuna. Ndalama imabwera pokhapokha mgwirizano wa lendi uli ndi mawu omulamula kuchotsa ndi kubwezeretsa malowo mmene analili. Pepala loyamba kuwerenga ndi mgwirizanowo, lachiwiri ndi chilolezo chimene wochita lendi anapatsidwa posintha nyumbayo. Apa mpamene eninyumba ambiri amaphonya. Zilolezo zambiri zimati wochita lendi adzachotsa akauzidwa ndi kalata lendi isanathe, zina zimatchula ngakhale miyezi yake. Kalatayo ikachedwa, mlandu ukhoza kufera pomwepo.

Wochotsa yekha naye asasiye mabowo. Pa mlandu wa Mancetter Developments ndi Garmanson mu 1986, mapaipi ndi mafani anazulidwa, makoma n'kutsala ndi mabowo, ndipo khoti la apilo linati mkulu wa kampani amene analamula ntchitoyo alipire m'thumba mwake.

Mipando, firiji ndi makatoni, zinthu zongoikidwa pansi, ndi nkhani ina. Zimakhalabe za wotulukayo. Lamulo la Torts (Interference with Goods) Act la 1977 limafuna kuti mwininyumba alembe kalata, apereke nthawi yokwanira yodzatenga, ndipo akazigulitsa achotsepo zimene wawononga pogulitsa, zotsalazo azisungire mwini wake. Kuziponya kudzala tsiku loyamba kumatembenuza mlandu.

Gawo lovuta kwenikweni ndi kuchuluka kwa ndalama. Ndime 18 ya lamulo la Landlord and Tenant Act la 1927 imati chipukutamisozi cha nyumba yosakonzedwa chisapose mtengo umene nyumbayo yatsika nawo. Ndimeyi ndi ya kukonza zowonongeka, siikhudza udindo wochotsa zokhomera, komabe khoti limafunsa ngati kuchotsako kunali kwanzeru. Mlandu umene umatchulidwa apa ndi wa Ruxley Electronics ndi Forsyth, umene House of Lords, khoti lalikulu koposa panthawiyo, inagamula mu 1995. Dziwe losambiramo linamangidwa losazama monga anagwirizanirana, koma linali losambirika bwinobwino. Kulimanganso kukanadya mapaundi 21,560; khoti linapereka 2,500 basi. M'shopu n'chimodzimodzi. Ngati mwininyumba akufuna kugumula mkati monse, kapena wolowa watsopano akugwiritsa ntchito mashelefu omwewo mosangalala, palibe chimene wataya, ndipo koteshoni yokha siitsimikizira kanthu. Kwa ine apa lamulo linaganiza bwino, chifukwa popanda malire amenewa lendi iliyonse ikanamathera pa mwininyumba kukonzetsa shopu yake ndi ndalama za mnzake.

Ndondomeko yoyenera kutsata musanapite kukhoti inayamba kugwira ntchito mu 2012. Mwininyumba amatumiza mndandanda wa zolakwika, kawirikawiri pasanathe masiku 56 lendi itatha. Chinthu chilichonse chikhale pamzere wake: ndime ya mgwirizano imene yaphwanyidwa, ntchito yofunika, ndi mtengo wake. Katswiri woyeza nyumba amasainira kuti mitengoyo ndi yoyenera ndiponso kuti waganizira zimene mwininyumba akufuna kuchita ndi malowo. Wochita lendi amayankha m'masiku 56, kenako amakumana, kawirikawiri m'masiku 28. Wonyozera ndondomekoyi khoti likhoza kumusenzetsa ndalama za maloya.

Umboni wolimba ndi zithunzi za tsiku lolowa ndi la kubweza makiyi, makoteshoni a makontilakita awiri kapena atatu, ndi malisiti osiyanitsa kuchotsa, kumata mabowo, kupenta ndi kutaya zinyalala. VAT imawerengedwa pokhapokha mwininyumba sangathe kubwezeredwa msonkhowo ndi boma. Ngati pali dipoziti, pepala lake ndilo limanena zimene zingadulidwe ndi nthawi yobwezera yotsala. Nthawi yosumira ndi zaka 12 ngati mgwirizano unasainidwa monga deed, chikalata chapadera chosainidwa pamaso pa mboni, ndi zaka 6 ngati unali wamba.